Mlendo wodzathandiza koma wosamva: mavolontiya ndi Chisipanishi ku Guatemala

Mumzinda wa Antigua ku Guatemala, womwe unali likulu la atsamunda a ku Spain mpaka pamene zivomezi za mu 1773 zidaugumula, muli sukulu zambirimbiri zophunzitsa alendo Chisipanishi. Imodzi mwa zakale kwambiri, Proyecto Lingüístico Francisco Marroquín, idayamba mu 1969, ndipo malonda omwewa adafalikira ku Quetzaltenango, mzinda wa kumapiri womwe eni ake amangoutcha Xela, komanso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Atitlán. Dongosolo lake ndi lofanana pafupifupi paliponse. Mmawa mlendo amakhala ndi mphunzitsi wake awiriwiri kwa maola anayi, amagona ndi kudya pabanja la m'deralo, ndipo masana amapita ku ntchito yongodzipereka: kusewera ndi ana, kumanga mbaula zosafukitsa utsi m'nyumba za kumudzi, kapena kuthandiza pa kachipatala. Ena, pofuna kupulumutsa ndalama, amadumpha za mphunzitsizo n'kungolowa ntchito, pokhulupirira kuti ukakhala pakati pa eni chiyankhulo usana ndi usiku, chiyankhulocho chimalowa chokha. Pakatha milungu ingapo ambiri amapezeka ali otopa, akungogwedeza mutu ndi kumwetulira pa nkhani zimene sakuzimva, kenaka amayamba kudziimba mlandu kuti mwina ndi ouma mutu.

Vuto silili m'mitu mwawo. Chikhulupiriro chimene adabwera nachocho ndicho cholakwika, ndipo kulakwika kwake sikupweteka iwo okha. Kukhala pakati pa anthu kumanola chiyankhulo chimene munthu ali nacho kale, koma amene wafika chimanjamanja amakhala nthawi yaitali asadatolepo kanthu. Ndipo mlendo wosamva akapatsidwa ntchito yothandiza, katundu wa kusamva kwakeko amasenza ndi anthu omwe iye akuti wadzawathandiza. Kuphunzira ndi kuthandiza zimagulitsidwa m'phukusi limodzi ngati kuti zimakokera kumodzi, chikhalirecho kwa munthu woyamba kumene ziwirizi zimalimbirana nthawi ndi mphamvu zomwezo.

Tiyambe ndi masamu. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la United States, Foreign Service Institute, imaika Chisipanishi m'gulu la ziyankhulo zosavuta kwa munthu woyankhula Chingerezi, komabe inkawerengera maola 600 mpaka 750 a m'kalasi, milungu 24 mpaka 30, kuti munthu afike pogwira ntchito m'chiyankhulocho. Amenewa ndi anthu ochita kusankhidwa, omwe ntchito yawo m'miyezi imeneyo ndi kuphunzira basi, ndipo akaweruka amakawerenganso kunyumba. Mlendo wa ku Antigua amene waphunzira maola anayi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu inayi, wangokwanitsa maola 80. Ndi maola amenewo angathe kupereka moni, kugula zipatso pamsika ndi kufunsa basi yopita ku Chimaltenango. Sangathe kutsatira mayi akamafotokoza mmene matenda a mwana wake adayambira. Komanso Chisipanishi chimathamanga m'khutu. Akatswiri a ziyankhulo a ku Lyon ku France adayerekeza liwiro la ziyankhulo zingapo mu 2011, napeza kuti owerenga Chisipanishi amatulutsa maphatikizo pafupifupi 8 pa sekondi, pamene a Chingerezi amangopitirira 6 pang'ono. Pamwamba pa liwirolo, mneni wa Chisipanishi amanyamula uthenga wake kumchira. Kaphatikizo komalizira ndi komwe kamanena wochita ndani, ndiponso ngati chinthucho chachitika kale, chimachitika kawirikawiri, kapena chikungofunidwa. Khutu losazolowera limagwira tsinde la mawu n'kutaya mchirawo, motero munthu amamva kuti nkhani ndi ya kumwa mankhwala koma osadziwa ngati mwanayo wamwa kale kapena akuyenera kumwa.

Otsatsa njira yongokhalamo amakonda kutsamira pa dzina la Stephen Krashen, katswiri wa ku California amene m'zaka za m'ma 1980 adatchuka ndi ganizo lakuti chiyankhulo chimalowa kudzera m'kumva ndi kuwerenga, osati m'kuloweza malamulo. Koma amaiwala theka la ganizolo. Krashen adanenetsa kuti zimene munthu akumvazo ziyenera kukhala zomveka kwa iye, zongopitirira pang'ono pamene wafika. Mawu osamveka saphunzitsa kanthu. Ali ngati mvula yogwa pathanthwe, yomwe imagwa yambiri koma yosalowa pansi. Paul Nation wa ku New Zealand adawerengera mu 2006 kuti munthu amatsatira nkhani bwinobwino popanda womuthandiza akamadziwa mawu 98 pa 100 aliwonse, ndipo kuti pa Chingerezi choyankhulidwa zimenezi zimafuna magulu a mawu 6,000 mpaka 7,000. Chiwerengerocho ndi cha Chingerezi, koma chimatipatsa chithunzi cha kutalika kwa ulendo. Volontiya wodziwa mawu mazana ochepa, atakhala patebulo pamene banja likukambirana za mtengo wa chimanga ndi za mwana wawo amene ali ku Los Angeles, akhoza kukhala pamenepo maola awiri n'kunyamukapo ndi mawu atatu.

Ngakhale amene apirira mpaka kuyamba kumva, kumvako pakokha sikuwafikitsa patali. Richard Schmidt wa pa yunivesite ya Hawaii adatsatira kwa zaka zitatu mmisiri wina wojambula wa ku Japan, yemwe m'zolemba zake za mu 1983 adamupatsa dzina lakuti Wes. Munthuyu ankakhala pakati pa oyankhula Chingerezi, anali wochezeka ndi wopanda manyazi, ndipo adafika pomacheza ndi kuchita malonda ake bwinobwino, koma galamala yake sidasunthe kwenikweni. Schmidt mwiniwake adakhala ku Brazil miyezi isanu akuphunzira Chipwitikizi, akulemba zonse m'kabuku, ndipo adaona kuti zinthu zambiri zimene anthu ankanena pamaso pake tsiku ndi tsiku adayamba kuzimva pokhapokha atauzidwa kuti ziliko. Apa m'pamene padachokera mfundo yake ya mu 1990 yakuti munthu wamkulu amaphunzira chimene wachizindikira, osati chilichonse chodutsa m'khutu. Pa Chisipanishi penipeni, Robert DeKeyser adatsatira ophunzira 16 a ku United States omwe adakhala milungu isanu ndi umodzi ku Argentina, ndipo zotsatira zake za mu 2010 zidaonetsa kuti amene adapita ndi galamala yosalimba sadapindule kwenikweni, ndipo ena adagwa ulesi. Amene adapindula kwambiri ndi omwe adanyamuka kwawo akudziwa kale zambiri.

Palinso funso lakuti kodi mlendoyo alidi pakati pa eni chiyankhulo. Barbara Freed, Norman Segalowitz ndi Dan Dewey adayerekeza mu 2004 magulu atatu a ophunzira Chifalansa: ongophunzira m'kalasi kwawo, opita ku France, ndi olowa maphunziro a kalavulagaga a milungu 7 ku United States konko. Amene adapita patsogolo kwambiri pa kuyankhula mosadodoma anali a gulu lachitatuli, osati opita ku France, ndipo opita kunjawo adavomera okha kuti kunja kwa kalasi ankayankhula Chingerezi chambiri kuposa Chifalansa. Mavolontiya ali m'msampha womwewo, mwinanso woposa. Amafika m'magulu, amagwira ntchito limodzi, ndipo madzulo, mutu utalema ndi kumvetsera, amafunafuna anzawo a ku Germany, Canada kapena Australia, omwe onse amakumana pa Chingerezi. Foni ili m'thumba, abale ali pa WhatsApp. Sindikuwadzudzula pa zimenezi, chifukwa munthu amene wakhala tsiku lonse ngati wosayankhula amalakalaka kukhalanso munthu wamkulu wodziwa kunena zakukhosi. Koma tisamatche moyo wotero kumira m'Chisipanishi, makamaka ku Antigua kapena ku San Pedro La Laguna m'mbali mwa nyanja ya Atitlán, komwe woperekera zakudya amayankha m'Chingerezi mlendo akangodzandira pa mawu awiri.

Ntchito yeniyeniyo nayonso si kalasi yabwino monga amaitamandira. Pomanga nyumba mawu ake ndi ochepa, obwerezabwereza ndi olamula: bweretsa, nyamula, thira madzi, dikira. Mmisiri ali ndi khoma loti alimalize dzuwa lisadalowe, choncho akaona kuti mlendo sakumva amangoloza ndi chala, ntchito n'kuyenda, phunziro osachitika. Kwa ana n'kovuta koposa, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi kophweka. Ana amayankhula mothamanga, mokuwa, angapo nthawi imodzi, ndipo sadziwa kusankha mawu osavuta monga amachitira mphunzitsi. Kunyumba nako, mayi wosunga alendo adalandira ndalama yophikira ndi kuyala pogona, osati yokonza aneni, ndipo ulemu sumulola kudula mlendo pakamwa kuti amuuze kuti walakwitsa. Akamva chimene mlendoyo akufuna kunena amangovomera. Choncho cholakwa chimene chanenedwa kambirimbiri popanda wochikonza chimakhazikika, ndipo kudzachizula pambuyo pake n'kovuta kuposa kuchiphunzira bwino poyamba.

Ku Guatemala kuli chinanso chimene zotsatsa sizitchula kawirikawiri. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu pafupifupi 42 pa 100 aliwonse m'dzikomo ndi Amaya, ndipo dzikolo lili ndi ziyankhulo 22 za Chimaya, kuwonjezera pa Xinka ndi Garífuna. Madera omwe umphawi uli waukulu, komwenso mabungwe amatumizako mavolontiya, ndi omwe anthu amayankhula K'iche', Kaqchikel, Mam, Q'eqchi' kapena Tz'utujil pakhomo. Agogo ambiri ndi amayi ena a m'midzi imeneyi Chisipanishi amachidziwa pang'ono, ena sachidziwa n'komwe. Volontiya amene wapita kumudzi wa kumapiri kuti akamve Chisipanishi usana ndi usiku amakapeza kuti pamene anthu amasuka n'kumaseka, akuyankhula chiyankhulo china. Nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. M'nkhondo yapachiweniweni ya 1960 mpaka 1996 mudafa kapena kusowa anthu pafupifupi 200,000, ndipo bungwe lofufuza zoona lomwe lidatulutsa lipoti lake mu 1999 lidapeza kuti 83 pa 100 aliwonse mwa ozunzidwa omwe adadziwika anali Amaya. Kwa anthu otere Chisipanishi chakhala chiyankhulo cha boma, cha asilikali ndi cha eni minda ya khofi. Lamulo lolemekeza ziyankhulo za Amaya pa ntchito za boma lidangobwera mu 2003. Mlendo akafika n'kumayembekeza kuti mayi wa Chimaya amuyesetsere Chisipanishi, akumupempha kuti asiye chiyankhulo chake n'kumuthandiza m'chiyankhulo chimene iyenso chidamufikira mokakamiza.

Apa tafika pa funso limene liyenera kutivutitsa kwambiri: kodi amalipira ndani? Pakachipatala ka kumudzi namwino ndi mmodzi, odwala ali pamzere, ndipo mlendo wosamva akafika namwinoyo amasanduka womasulira wake. Pasukulu mphunzitsi amayamba kuyang'anira ana makumi angapo ndi munthu wamkulu mmodzi. Nthawi imeneyi sibwezedwa, ndipo mlendo akapita kumabwera wina woyambiranso pachiyambi. Pa za umoyo ngozi yake ndi yoposa kutaya nthawi. Dokotala wa ana Glenn Flores ndi anzake adajambula mawu a maulendo 13 a kuchipatala ku Boston, a mabanja oyankhula Chisipanishi, ndipo mu 2003 adalengeza kuti pa ulendo uliwonse pankachitika zolakwa za kumasulira pafupifupi 31, zambiri mwa izo zotha kukhudza chithandizo cha wodwala. Zolakwa za omasulira ongogwidwa pamkono zinali zoopsa kuposa za omasulira a chipatala. Ngati zili choncho ndi anthu odziwa ziyankhulo zonse ziwiri, nanga bwanji mnyamata wa maola 80 amene wapatsidwa fomu kuti afunse mayi za kadyedwe ka mwana, m'dziko limene pafupifupi theka la ana osakwana zaka zisanu ndi opinimbira? N'chifukwa chake bungwe ngati Wuqu' Kawoq, lomwe lidayamba mu 2007, lidamanga ntchito yake pa kupereka chithandizo m'ziyankhulo za Chimaya kudzera mwa anthu a m'midzi momwemo.

Chenjezoli si latsopano. Ivan Illich, wansembe wa Katolika wobadwira ku Vienna, adatsegula mu 1961 malo ku Cuernavaca ku Mexico ophunzitsira amishoni Chisipanishi asadalowe m'madera a ku Latin America. Mu 1968 adayankhula kwa ophunzira a ku North America omwe ankakonzekera kukathandiza m'midzi ya ku Mexico, nawauza mosapsatira kuti abwere kudzaona ndi kudzaphunzira, koma asabwere kudzathandiza. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti sangathe ngakhale kukambirana ndi anthu amene akufuna kuwathandizawo. Illich adapitirira muyeso pokana thandizo lonse, pakuti pali madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi odzipereka omwe agwira ntchito yooneka ku Central America. Koma pa mfundo ya chiyankhulo ankanena zimene adaziona ndi maso kwa zaka zambiri.

Wina anganene kuti mwana amaphunzira chiyankhulo popanda buku, nanga wamkulu alepherenji? Mwana amamva chiyankhulo maola masauzande ambiri asadayambe kulumikiza ziganizo, anthu amamuyankhula pang'onopang'ono akuloza chinthu chimene akunena, ndipo palibe amamupatsa ntchito yoyeza odwala m'mwezi wake woyamba. Wamkulu alibe zaka zimenezo. Chimene ali nacho kuposa mwana ndi nzeru yomva lamulo likafotokozedwa n'kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo njira yongokhalamo imamulanda chida chimenechi. Winanso angatikumbutse za abale athu omwe amapita ku Johannesburg osadziwa Chizulu n'kubwerako akuchiyankhula, osapondako m'kalasi. Zimenezo n'zoona, koma Chizulu ndi Chichewa ndi ziyankhulo zapachibale, zomangidwa mofanana, ndipo abalewo amakhalako zaka, moyo wawo wonse utadalira pa kumva. Ndiponso ngakhale eni migodi ya ku South Africa, omwe sankadziwika ndi kutaya ndalama pa antchito, ankayamba aphunzitsa olembedwa kumene chiyankhulo cha m'migodi cha Fanakalo asadawatsitsire pansi, chifukwa ankadziwa kuti munthu wosamva malangizo mumgodi amaphetsa anzake.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonsezi ndi cha ndalama. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amadalira zimene mavolontiya amalipira, ndipo mlendo amene wagwira fosholo kwa milungu iwiri amabwerera kwawo ali bwenzi la bungwelo, n'kumatumiza thandizo kwa zaka. Kukhwimitsa za chiyankhulo kungachepetse alendo, ndalamanso n'kuchepa. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo siyenera kunyozedwa. Koma ikamvetsedwa bwino ikuvomereza kuti chimene mlendo wosamva amabweretsa ndi ndalama ndi ubwenzi, osati luso, ndipo ngati zili choncho aitanidwe ndi dzina loona: mlendo wodzaona ndi kudzaphunzira. Apatsidwe ntchito imene kusamva kwake sikungapweteke munthu, monga kusenza njerwa kapena kubzala mitengo pansi pa kapitawo wa m'deralo, ndipo asaikidwe pakati pa namwino ndi wodwala kapena kutsogolo kwa kalasi. Komanso auzidwe asadagule tikiti kuti ntchito yoteroyo siidzamuphunzitsa Chisipanishi, kuti asadzakhale usiku akudzifunsa chimene chalakwika ndi mutu wake.

Mabungwe omwe akhala pa ntchitoyi nthawi yaitali adasankha kale mbali. Peace Corps, yomwe idakhazikitsidwa mu 1961 ndipo idafika ku Guatemala ndi ku Malawi komwe mu 1963, siponya munthu kumudzi tsiku limene watsika ndege. Amayamba ndi maphunziro a miyezi pafupifupi itatu, akugona pabanja la m'deralo koma tsiku lililonse akukhala ndi mphunzitsi wa chiyankhulo m'kagulu kakang'ono, kenaka amayesedwa, ndipo pokhapo m'pamene amayamba zaka ziwiri za ntchito. Amalawi omwe adamvapo mzungu wa Peace Corps akuyankhula Chichewa kapena Chitumbuka chomveka adaona zipatso za dongosolo limeneli: kalasi ndi mudzi zikuyendera limodzi, ndi nthawi yokwanira. Dziko la Cuba limachitanso chimodzimodzi ndi ophunzira za udokotala ochokera kunja. Achinyamata a ku South Africa omwe amapita kumeneko pa mgwirizano womwe udayamba m'nthawi ya Nelson Mandela ndi Fidel Castro amatha chaka choyamba pa Chisipanishi ndi maphunziro okonzekera, ngakhale kuti akukhala m'dziko limene aliyense amayankhula Chisipanishi. Kukadakhala kuti mpweya wa ku Havana umaphunzitsa wokha, chaka chimenecho sichikadaperekedwa.

Zonsezi sizikutanthauza kuti munthu akhale kwawo mpaka atadziwa zonse. Pali zinthu zimene buku silingapereke: khutu lozolowera liwiro, kudziwa pamene munthu wa ku Guatemala amagwiritsa ntchito mawu aulemu ndi pamene amamasuka, kulimba mtima kofunsa kuti abwereze. Zimenezi zimapezeka pamsika ndi patebulo, ndipo munthu amene wafika ali ndi maziko amazitola mofulumira modabwitsa. Nkhani yagona pa ndondomeko. Amene ali ndi chaka aphunzire miyezi ingapo asadanyamuke, akafika apereke milungu yoyamba kwa mphunzitsi yekha, ndipo ntchito aiyambe pamene angathe kumva yankho la funso lake. Ngati akupita kwa Amam kapena Ak'iche', aphunzirenso moni ndi mawu oyamba a chiyankhulo chawo. Amene ali ndi milungu inayi yokha achita bwino kuipereka yonse ku kuphunzira, ndipo asaone ngati walephera kuthandiza. Ndalama yake imalipira mphunzitsi wa ku Guatemala pa luso limene alidi nalo. Ku Xela, sukulu ya Proyecto Lingüístico Quetzalteco, yomwe idayamba mu 1988, imaphunzitsa Chisipanishi pamodzi ndi mbiri ya nkhondo ndi ya umwini wa malo m'dzikomo, ndipo nthambi yake ya kumudzi, Escuela de la Montaña, ili m'dera la minda ya khofi, komwe ophunzira amakadya m'nyumba za mabanja a m'midzi yoyandikana nayo, mabanjawo n'kumalandira malipiro pa chakudya chimene aphika.